Makina osewerera magemu

Makina osewerera magemu ndi kompyuta yopangidwira ntchito imodzi, yomwe ndi kuseweretsa magemu pa wailesi yakanema kapena pa sikirini yakeyake. Odziwika kwambiri ndi PlayStation ya kampani ya Sony, Xbox ya Microsoft ndi makina osiyanasiyana a Nintendo. Ku Malawi ambiri amangoti "PS" kapena "gemu". M'madera a mumzinda wa Blantyre monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, achinyamata ambiri amakumana ndi makinawa m'tizipinda ta bizinesi momwe munthu amalipira kuti asewere, makamaka gemu ya mpira wa miyendo.

Zimene wosewera angathe kuchita mkati mwa gemu zimatchedwa kaseweredwe. Kudumpha, kudoja, kubisala, kusunga pamene wafika ndi kupikisana ndi mnzako zonse ndi mbali za kaseweredwe. Olemba magemu ndi amene amakonza kaseweredwe, koma sangapitirire malire a zipangizo zimene zili m'makinawo. N'chifukwa chake kusintha kwa chipangizo chimodzi, monga padi kapena chosungira, kwakhala kukubweretsa mitundu ya magemu imene kale inali yosatheka.

Zigawo za makina

Purosesa ndiyo imawerengetsa zonse zochitika mu gemu: komwe mpira ukulowera, zimene goloboyi achite, ndiponso ngati osewera awiri awombana. Chipangizo cha zithunzi chimajambula zimene zikuoneka pa sikirini, kawirikawiri ka 30 kapena ka 60 pa sekondi. Memore, yomwe imatchedwanso RAM, imagwira zinthu zimene gemu ikugwiritsa ntchito pa nthawi imeneyo, ndipo zimafufutika makina akazima. Chosungira ndi pamene gemu yonse imakhala: katiriji, CD, DVD, Blu-ray, hard disk kapena SSD. Padi ndi chogwirira m'manja chimene wosewera amalamulira nacho gemu. Makina atsopano alinso ndi njira yolumikizira ku intaneti.

Makina amenewa amasiyana ndi kompyuta wamba chifukwa onse a mtundu umodzi amakhala ndi zipangizo zofanana kwa zaka zingapo. Wolemba gemu ya PlayStation 4 amadziwa kuti wosewera wa ku Tokyo ndi wa ku Bangwe ali ndi memore yofanana komanso padi ya mabatani ofanana, choncho amatha kumanga kaseweredwe konse pa zipangizo zimenezo.

Makina oyambirira

Makina oyamba ogulitsidwa kuti azigwiritsidwa ntchito kunyumba anali Magnavox Odyssey, omwe anatuluka ku America mu 1972 kuchokera ku ntchito ya injiniya Ralph Baer. Ankaonetsa timadontho toyera tochepa, sankatulutsa mawu, ndipo sankawerenga zigoli. Osewera ankamata pepala la pulasitiki pa galasi la wailesi yakanema kuti pakhale chithunzi cha bwalo.

Atari 2600 ya mu 1977 inali ndi purosesa ndipo inafalitsa katiriji, kabokosi kosungira gemu komwe munthu amatha kuchotsa n'kuikamo kena. Memore yake inali mabaiti 128 okha, malo osakwana kusunga ndime imodzi ya nkhani ino. Padi yake inali ndodo imodzi ndi batani limodzi, motero magemu ambiri anali a zochita ziwiri: kuyenda ndi kuwombera.

Mu 1983 Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan, yomwe inafika ku America mu 1985 ndi dzina loti NES. Chipangizo chake cha zithunzi chinkatha kusuntha chithunzi chonse cham'mbali mosadukiza, osalemetsa purosesa. Gemu ya Super Mario Bros. ya mu 1985 inamangidwa pa luso limeneli: wosewera amathamanga kulowera kumanja ndipo dziko limatambasuka patsogolo pake. Koma makinawa ankatha kuonetsa tizithunzi toyenda 8 tokha pa mzere umodzi wa sikirini, ndipo tikachuluka tinkathwanima. Magemu ena a mpira a nthawiyo ankaika osewera osakwana 11 pa timu. Nintendo World Cup ya mu 1990 inali ndi osewera 6 mbali iliyonse.

Katiriji ya The Legend of Zelda, yomwe inatuluka ku America mu 1987, inali ndi kabatire mkati kosunga pamene wosewera wafika. Izi zinalola ulendo wautali wotenga masiku ambiri, m'malo mwa gemu yoyambiranso pachiyambi nthawi iliyonse. Makina otengera Famicom, opangidwa motchipa ku China ndi ku Taiwan, anafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa, nthawi zambiri ali ndi mfuti ya pulasitiki yowombera abakha a mu Duck Hunt. Mfutiyo imazindikira kuwala kwa wailesi zakanema zakale zachimimba, ndipo siigwira ntchito pa masikirini afulati a masiku ano.

Zithunzi za 3D ndi disiki

Super Famicom ya mu 1990 inali ndi njira yotchedwa Mode 7, yozungulitsa ndi kupendeketsa chithunzi chafulati kuti chioneke ngati msewu wopita kutsogolo. F-Zero ndi Super Mario Kart ya mu 1992 zinadalira njira imeneyi. Padi yake inabweretsanso mabatani a pamapewa, L ndi R, omwe anakwaniritsa mabatani 6 ofunika pa zibakera ndi mateche a mu Street Fighter II.

PlayStation yoyamba inatuluka ku Japan mu December 1994 ndipo inafika ku Ulaya ndi ku America mu 1995. Inapangidwa kuti izijambula zinthu za 3D, ndipo magemu ake anali pa CD. CD imodzi inkasunga pafupifupi mamegabaiti 650, pamene katiriji yaikulu kwambiri ya Nintendo 64 inkasunga 64. Malo amenewa analola mawu a anthu ojambulidwa, nyimbo ndi makanema. FIFA 96 ya pa CD inali ndi mawu a muulutsi wa BBC John Motson akufotokoza mpira. Final Fantasy VII ya mu 1997 inadzaza ma CD atatu. Popeza CD siilembeka, Sony inapanga memore khadi, kachipangizo kosungira pamene wosewera wafika, komwe ankatha kukatenga n'kukapitiriza pa makina a mnzake.

PlayStation 2 ya mu 2000 inagwiritsa ntchito DVD ya magigabaiti 4.7 ndi memore ya mamegabaiti 32. Grand Theft Auto III ya mu 2001 inkawerenga mzinda kuchokera pa disiki pang'onopang'ono wosewera akuyenda, n'kumataya m'memore misewu imene wadutsa. Umu ndi mmene unatheka mzinda waukulu woti munthu aziyendamo momwe wafunira. Grand Theft Auto: San Andreas ya mu 2004 inakulitsa njirayi mpaka mizinda itatu. Makina a PlayStation 2 oposa 155 miliyoni anagulitsidwa padziko lonse.

Padi ndi kaseweredwe

Mabatani a mtanda amadziwa mbali 8 zokha, ndipo batani limakhala lodinidwa kapena losadinidwa. M'dziko la 3D zimenezi sizikwanira. Nintendo 64 ya mu 1996 inabwera ndi kandodo ka analogi, komwe kamayeza mbali imene chala chakankhira komanso kukula kwa kukankhako. Mu Super Mario 64, kukankha pang'ono kumayendetsa Mario monyang'ama, kukankha kwambiri kumamuthamangitsa. Makinawa analinso ndi malo olumikizira mapadi anayi, ndipo Mario Kart 64 ndi GoldenEye 007 zinkagawa sikirini panayi kuti anthu anayi apikisane m'chipinda chimodzi.

Mu 1997 Sony inatulutsa DualShock, padi ya timandodo tiwiri yomwe imanjenjemera. Ape Escape ya mu 1999 inali gemu yoyamba ya PlayStation yosatheka kusewera popanda timandodo tiwirito: ka kumanzere koyendera, ka kumanja kogwiritsira zida. M'magemu ambiri owombera, kandodo ka kumanja kanakhala kotembenuzira maso, ndipo dongosolo limeneli likugwirabe ntchito mpaka lero.

Wii ya Nintendo ya mu 2006 inali ndi padi yozindikira kugwedeza kwa mkono, kotero mu Wii Sports munthu amamenya mpira wa tenisi pogwedeza dzanja lenileni. Nintendo Switch ya mu 2017 ili ndi batire ndi sikirini yakeyake, ndipo timapadi take tiwiri timachoka m'mbali kuti anthu awiri asewere paliponse. PlayStation 5 ya mu November 2020 ili ndi padi ya DualSense, yomwe mabatani ake a kumbuyo amatha kulimba kapena kufewa malinga ndi zochitika mu gemu.

Chitsanzo cha magemu a mpira

Magemu a mpira ndi amene amakondedwa kwambiri m'tizipinda ta magemu ku Blantyre, ndipo mbiri yawo imaonetsa bwino mmene zipangizo zimasinthira kaseweredwe. FIFA International Soccer ya kampani ya EA inatuluka mu 1993 pa Mega Drive ya Sega, osewera ake ali tizithunzi tafulati. Pamene makina a 3D anafika, kamera inayamba kuzungulira bwalo ndipo chigoli chinkatha kuonetsedwanso kuchokera mbali zosiyanasiyana. Kampani ya Konami inali ndi gemu yake yotchedwa Winning Eleven ku Japan, yomwe kuyambira mu 2001 inkagulitsidwa ku Ulaya monga Pro Evolution Soccer, mwachidule PES.

Ngakhale timandodo ta analogi tinalipo kale, kwa zaka zambiri wosewera wa mu FIFA ankatembenukira mbali 8 zokha, chifukwa mbali iliyonse yowonjezera inkafuna mayendedwe a thupi ambiri osungidwa m'memore. FIFA 10 ya mu 2009, pa PlayStation 3 ndi Xbox 360, inabweretsa kudoja kolowera mbali iliyonse. FIFA 12 ya mu 2011 inayamba kuwerengetsa kuwombana kwa matupi pa nthawi yomweyo, m'malo mongoonetsa kagwedwe kojambulidwa kale, ndipo kutchinga kumbuyo kunayamba kufuna kuima pamalo oyenera osati kungodina batani limodzi. Mu FIFA 21 ya pa PlayStation 5, batani lothamangira limalimba wosewera wa m'bwalo akatopa. FIFA 22 inabweretsa HyperMotion, mayendedwe otengedwa pojambula osewera 22 akusewera mpira weniweni, koma inasiyidwa pa PlayStation 4. Anthu awiri akhoza kugula gemu ya dzina limodzi m'chaka chimodzi koma n'kumasewera mosiyana chifukwa makina awo ndi osiyana.

Kukula kwa zosungira kunalolanso mayina, nkhope ndi luso la osewera masauzande. Kuyambira mu 2023 gemu ya EA imatchedwa EA Sports FC, mgwirizano wake ndi bungwe la FIFA utatha, ndipo ili ndi osewera oposa 19,000, kuphatikizapo a maligi a amayi a ku France ndi ku America komwe Tabitha ndi Temwa Chawinga akhala akusewera. Matimu a mu Super League ya ku Malawi mulibe m'magemuwa. Komabe PES ili ndi gawo losinthira mayina, mayunifomu ndi nkhope, ndipo chifukwa cha memore khadi kapena hard disk munthu angathe kupanga timu yofanana ndi Big Bullets kapena Mighty Wanderers n'kuisunga.

Hard disk, intaneti ndi SSD

Xbox ya mu 2001 inabwera ndi hard disk mkati komanso malo olumikizira chingwe cha intaneti. Mu 2002 Microsoft inatsegula Xbox Live, ndipo Halo 2 ya mu 2004 inafalitsa njira yoti makina azikusakira okha munthu wopikisana naye. PlayStation 3 ya mu 2006 inali ndi hard disk, disiki ya Blu-ray ndi mapadi opanda zingwe okwana 7 pa nthawi imodzi. Intaneti inabweretsa kaseweredwe monga Ultimate Team ya mu FIFA, yomwe inayamba mu 2009, momwe wosewera amagula ndi kugulitsa makhadi a osewera pa msika wa anthu a padziko lonse.

PlayStation 4 ya mu 2013 inali ndi memore ya magigabaiti 8, kuwirikiza ka 16 ya PlayStation 3. Mu Middle-earth: Shadow of Mordor ya mu 2014, adani amakumbukira zimene wosewera anawachita ndipo amakwera maudindo akamugonjetsa. Pa PlayStation 3 ndi Xbox 360 mbali imeneyi inachepetsedwa kwambiri chifukwa makinawo sakanakwanitsa.

PlayStation 5 ili ndi SSD, chosungira chopanda mbale yozungulira, chomwe chimawerenga magigabaiti 5.5 pa sekondi. Magemu akale ankabisa nthawi yowerenga disiki poyendetsa wosewera m'tinjira topanikiza kapena mu zikepe. Ratchet & Clank: Rift Apart ya mu 2021 imasamutsa wosewera kuchoka m'dziko lina kupita lina m'masekondi ochepa, mkati mwa nkhondo.

Makinawa m'madera a ku Blantyre

Wailesi yakanema ya dziko la Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, mochedwa poyerekeza ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo mabanja ambiri a m'tauni anagula ma TV kuyambira nthawi imeneyo. Makina a magemu sapangidwa m'dziko muno. Amalowa kudzera mwa amalonda ndi achibale ochokera ku South Africa, Dubai, China ndi ku United Kingdom, ndipo ambiri amakhala ogwiritsidwapo kale ntchito. Mtengo wawo umatsatira ndalama zakunja, kotero kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakweza mitengo ya makina, mapadi ndi madisiki.

Pa chifukwa chimenechi, makina amodzi amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri. Chipinda cha magemu chimakhala ndi ma TV angapo, mabenchi ndi mapadi, nthawi zambiri pafupi ndi msika, malo ometera kapena malo oonetsera mpira ndi mafilimu. Wosewera amalipira pa gemu iliyonse kapena pa nthawi imene wakhala, ndipo mwini malo amaika mphindi zochepa pa chigawo chilichonse cha mpira kuti odikira asachedwe. Mbali za makina zimene zimapindulitsa pamalo otere ndi zimene zimalola anthu awiri kapena anayi kusewera pa sikirini imodzi, gemu kutseguka msanga, ndiponso padi kupirira manja ambiri. Magemu aatali a munthu mmodzi, ofuna maola makumi ambiri ndi malo osungira pamene wafika, sagwirizana kwenikweni ndi bizinesi yolipira pa gemu. Mpira, nkhonya monga Mortal Kombat ndi Tekken, ndi mipikisano ya magalimoto zimagwirizana nayo.

Magetsi nawo amaika malire. Magetsi ambiri a m'dziko muno amapangidwa ndi EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amagawidwa ndi ESCOM. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunachuluka mpaka malowo atakonzedwa mu 2023. Magetsi akazima mwadzidzidzi, zonse za m'memore zimafufutika, ndipo zimene zinkalembedwa pa hard disk zikhoza kuwonongeka. Eni malo ena amagwiritsa ntchito jenereta kapena sola ndi mabatire. Apa kadyedwe ka magetsi kamakhala nkhani: PlayStation 5 imadya pafupifupi mawati 200 gemu ili mkati, pamene Nintendo Switch imadya osakwana 20. Fumbi la m'nyengo yachilimwe ndi kutentha kwa mwezi wa October m'zipinda za malata zimatseka njira za mpweya, ndipo makina akatenthedwa amalira kwambiri kapena kuzima okha.

Kaseweredwe kodalira intaneti kamafika movutikira. Magemu atsopano amatenga magigabaiti makumi angapo, ena kuposa 100, ndipo amafuna zowonjezera pafupipafupi, zomwe zimatha mabandulo a Airtel kapena TNM mofulumira. Pa PlayStation 4 ndi 5, kupikisana pa intaneti m'magemu ogula kumafunanso kulipira PlayStation Plus ndi ndalama zakunja. Vuto lina ndi mtunda. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi 17 alionse, ndipo ngati uthenga wa padi ukupita ku kompyuta ya kampani yomwe ili kudziko lakutali n'kubwerera, shoti imachoka mochedwa. Anthu awiri okhala pa benchi limodzi sakumana ndi kuchedwa kumeneku.

N'chifukwa chake makina akale amakhalitsa pa ntchito. PlayStation 2 ndi 3 sizifuna intaneti kuti gemu iyambe, ndipo amisiri okonza mafoni ndi mawailesi amatha kusintha ziwalo zake. Sony inasiya kupanga PlayStation 2 chakumayambiriro kwa 2013, ndipo PES 2014 inali imodzi mwa magemu otsiriza a makinawa. Anthu okonda magemu m'mayiko osiyanasiyana amasintha mayina a osewera ndi mayunifomu m'magemu akalewa kuti agwirizane ndi ligi ya chaka chatsopano, koma kaseweredwe kamakhalabe kakale chifukwa purosesa ndi memore sizinasinthe. Makina ena amasinthidwa mkati kuti aziwerenga magemu okopedwa, mchitidwe umene makampani opanga makinawa amaletsa ndipo umasemphana ndi malamulo oteteza eni ntchito zaluso.

Makolo ndi aphunzitsi ena amadandaula kuti ana amathera nthawi ya sukulu ndi ndalama m'tizipindati. Magemu ochokera ku Ulaya amakhala ndi chizindikiro cha PEGI pa chikuto chosonyeza zaka zoyenera: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Magemu a Grand Theft Auto ndi Mortal Kombat a masiku ano ali pa 18. Makina atsopano ali ndi malo oikapo malire a zaka ndi a nthawi yosewera.

Malire a zipangizo

Chipangizo chatsopano sichibweretsa kaseweredwe kokhalitsa nthawi zonse. Kinect ya Microsoft, kamera yozindikira mayendedwe a thupi lonse yomwe inatuluka mu 2010, inagulidwa kwambiri poyamba, koma inkafuna chipinda chachikulu ndipo magemu oigwiritsa ntchito bwino anali ochepa. Kampaniyo inasiya kuipanga mu 2017.

Nthawi zinanso kuperewera kwa zipangizo ndiko kumabala luso. Mario anapatsidwa chipewa ndi ndevu za pamlomo chifukwa timadontho ta chithunzi chake tinali tochepa kuti tsitsi ndi pakamwa zioneke bwino. Mu Resident Evil ya mu 1996, chitseko chotseguka pang'onopang'ono chinkabisa nthawi imene makina ankawerenga chipinda chotsatira pa CD, ndipo chinawonjezera mantha. Silent Hill ya mu 1999 inaphimba tauni yake ndi nkhungu chifukwa PlayStation sinkatha kujambula zinthu zakutali, ndipo wosewera ankadalira phokoso la kawailesi kuti adziwe ngati chilombo chayandikira. Tetris, yomwe inafalikira kwambiri pa Game Boy ya mu 1989 pa sikirini yopanda mitundu, ikuseweredwabe pa makina atsopano ndi pa mafoni, malamulo ake aakulu ali omwewo.